Mchere wa Mtaliyana

Pitsa ndinaidya koyamba pa chiwonetsero cha zokolola ndi zakudya ku boma la Nkhotakota, m'zaka za Chitaganya, mwana wathu woyamba ali wakhanda. Ndinali kalaliki, ndipo tsikulo ndinali womasulira wa azungu oyendetsa chiwonetserocho.

Ndinkakhala chikamwini m'mudzi wa asodzi kumpoto kwa boma. Mwana anali asanatengedwe pa mwambo wolola makolo kukhalanso malo amodzi, choncho ine ndi mayi ake tinkagona mphasa zosiyana; tinali ozizira. Lamulo lake linali lodziwika. Wozizira akadya mchere wothiridwa ndi munthu wotentha, amene wakhala malo amodzi ndi mkazi kapena mwamuna, amabweretsa mdulo pakhomo, ndipo woyamba kutsokomola ndi kutupa amakhala khanda. Kwathu mchere m'ndiwo ankathira ndi kamtsikana kosatha msinkhu. M'mawa umenewo apongozi anga aakazi, amene sitinkayankhulana maso ndi maso, anauza mwana wawo mokweza ali kuseri kwa mpanda kuti wopita kuchiwonetsero adye nthochi ndi chinangwa chootcha basi. Ndinaphunzira ku mishoni ndipo ndinkauza anzanga kuti za mdulo sindizikhulupirira. Komabe nthochizo ndinanyamula.

Pabwalo panali misasa ya udzu. Panali mpunga wa faya, chambo chowamba, masamusa a amwenye ndi makeke a madona. Kumapeto kwenikweni kunali Mtaliyana, makaniko wa injini ya chigayo cha mpunga, bambo wamfupi wa manja akuda ndi oyilo wosachoka. Anali atamanga uvuni wa njerwa ndi dothi la pachulu. Ankakanda ufa wa tirigu, kuutambasula ndi zala mpaka kukula ngati mbale, kupakapo matimati ophwanya, kuikapo tchizi, mafuta, timasamba tonunkhira ndi usipa. Kwawo, anatero, amaikapo tinsomba tangati tomweto. Pomaliza ankatapa mchere ndi zala zitatu n'kuwaza ali chiimire. Dzanjalo ndinaliona bwino.

Anthu anaima patali. Masiku amenewo kunkamveka kuti zakudya za azungu zili ndi mankhwala oumitsa amuna, ndipo palibe amene anafuna kuyamba. Dona, mkazi wa bwana wanga, anandiuza kuti ndilengeze kuti chakudyacho n'chabwino. Ndinalengeza. Kenaka anatenga chidutswa chotentha n'kundipatsa kuti ndidye anthu akuona. Bwana anali pomwepo, atapinda manja. Kukana kukanatanthauza kuti nanenso ndikuti azungu akutithira mankhwala, ndipo kalaliki wonena zimenezo sankachedwa pantchito.

Ndinadya. Pansi pake panali pokhukhuta, pamwamba pofewa, tchizi chikutanuka ngati ulimbo. Mchere ndinaumva pa lilime lonse. Chinkakoma kwambiri, ndipo kukomako kunandiwonjezera mantha. Nditakweza maso ndinaona amalume ake a mkazi wanga, msodzi wamkulu wa m'mudzi mwathu, ali kutsogolo kwa gulu.

"Mwadya, akamwini," anatero, osaseka.

Nkhani inafika kumudzi ine ndisanafike. Mwana sanandipatse kuti ndimunyamule. Kondowole wanga anandiikira pandekha pansi pa mtengo wa mango. M'mawa mwake mwana anayamba kutsokomola, kachifuwa kakang'ono kouma. Ndinkadziwa kuti inali nyengo ya mwera ndipo ana ambiri ankatsokomola. Kudziwako sikunandithandize. Ndinkayang'ana mapazi ake ndili patali kuti ndione ngati akutupa.

Apongozi anagamula kuseri kwa mpanda. Mwina mcherewo ndiwo wadula mwana, anatero, mwinanso mkamwini ali ndi zina zimene anachita ku boma ndipo akubisala kumbuyo kwa mzungu. Wothira mchere afunsidwe. Ngati ali wozizira, ndiye kuti wotentha ndi ine, ndipo ndinyamule mphasa yanga ndizipita kwathu. Ngati ali wotentha, abwere athire mchere m'mankhwala a mwana ndi dzanja lake lomwelo.

Tinapita kuchigayo ndi amalume. Njira yonse ndinkafunafuna mawu ofunsira mzungu ngati wagona ndi mkazi. Anthu ankamangidwa pa zochepa kuposa zimenezo. Tinamupeza ali pansi pa injini. Ndinayamba ndi Chingerezi, koma chake chinali chochepa, ndiye ndinapitiriza m'Chinyanja, chimene iye ankachithyola, namatchula munthu aliyense kuti iwe. Ndinafotokoza za mwana, za mchere, za kutentha ndi kuzizira. Anamvetsera mpaka kumapeto, akupukuta manja. Kenaka anatulutsa chithunzi cha mayi wovala zakuda, nati mkazi wake ali ku Italiya, ndipo papita zaka osamuona.

Yankho loyera limenelo linali kundithamangitsa pabanja. Amalume anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Afunseni bwino, akamwini. Zaka zonsezi, ndi thupi limeneli, amangogona ndi injini?"

Sindinamasulire, koma iye anamva. Nkhope inafiira mpaka m'makutu. Anandiyang'ana, nafunsa chimene chingandichitikire iye akakhala wozizira. Ndinamuuza. Anabweza chithunzi m'thumba.

"Iwe, uza amalume. Ine wotentha. Tiyeni."

Mpaka lero sindidziwa ngati ananena zoona.

Anafika m'mudzi masana, ana akuthawa. Apongozi anamuikira mpando ndi kambale ka mankhwala a mizu. Anasamba m'manja kawiri, oyilo osachoka. Anatapa mchere ndi zala zitatu zija, nachita chizindikiro cha mtanda, nawaza m'kambalemo ali chiimire, monga anachitira pa pitsa. Mayi ake a mwana anamumwetsa madontho angapo. Tsiku lotsatira ndinawakakamiza kuti tipitenso naye kuchipatala cha mishoni, ndipo apongozi sanaletse.

Chifuwacho sichinathe msanga. Masiku onsewo ndinkadyerabe pansi pa mango, ndikumvetsera kutsokomola kulikonse kochokera m'nyumba, chifukwa chikanakula mlandu ukanabwerera kwa ine. Mapazi sanatupe. Mwera utaleka, chifuwacho chinatha, ndipo m'mawa wina mkazi wanga anatuluka ndi mwana n'kumuika pamiyendo panga. Kuseri kwa mpanda apongozi anauza mwana wawo, mokweza monga mwa nthawi zonse, kuti mbale ya bambo wa khandalo ibwerere m'nyumba.