Kashe ya Bwana ndi Nyumba ya Amayi

Zoti ndikupita ku Joni ndinayamba kuuza abusa ndisanauze amayi anga. Si mwano ayi. Ndinkafuna kupeza kaye mawu abwino, ndipo monga munthu wokonda mabuku ndinawafunafuna mawuwo mpaka Lamulungu linandipezerera. Abusa anaimirira nati tipempherere mwana wathu amene akunyamuka ulendo wakunja. Amayi anatsinzina bwinobwino, kenako anagunda ndi chigongono mayi Mulepa, oyandikana nawo nyumba kumalayini a esiteti, n'kufunsa monong'ona kuti, "Mwana wa ndani ameneyu?" Mayi Mulepa kunong'ona sanaphunzire. "Wanu," anatero, tchalitchi chonse chikumva.

Kunyumba ndinakalipiridwa m'Chilomwe, chimene amayi amasungira milandu ikuluikulu. Atatopa ndinafotokoza. Zaka zawo zothyola tiyi zinali kumapeto, ndipo nyumba yomwe tinkakhala inali ya esiteti: ntchito ikatha, kiyi amabweza. Malo tinali nawo ku Goliati, kwao kwa agogo, koma panali udzu wokhawokha. "Ndikukakumangirani nyumba, musanapume ntchito mukhala mutalowa," ndinatero. Anangoyankha kuti, "Chabwino."

Ine ndinayambira kufakitale, pa mabedi aatali a waya amene amayanikapo masamba kuti afote. Pamenepo ndinaphunzira chinthu chimene aliyense wa pa esiteti amachidziwa. Masamba ukawaunjika kwambiri amatentha, amafiira, n'kununkha ngati thumba lonyowa. Koma kapitawo akati onjezera, sunena kuti ayi. Umati "chabwino bwana", akapotoloka n'kuwamwazira pa bedi lina. Kapitawo amvedwa, tiyi apulumuka, aliyense agona ndi ntchito yake. Pambuyo pake anandikokera ku ofesi chifukwa ndinkatha kunyengerera pulinta, nzeru zake zochokera m'mabuku ong'ambika amene ndinkagula m'mbali mwa msewu ku Limbe. Ndinkadziona ngati injiniya amene dziko silinamuzindikire.

Joni inandizindikira msanga: inandipatsa mawaya kuti ndizikoka pansi pa matebulo. Patapita nthawi ndinalowa pa kampani ina yaing'ono yoyang'anira makina a makampani ena, ndipo kumeneko ndinakumana ndi menifulemu, kompyuta yaikulu imene mabanki ndi a inshuwalansi amasungiramo moyo wa anthu. Ndinkayembekezera magetsi othwanima. Ndinapeza zinthu zonga mafiriji akuda, m'chipinda chozizira kuposa Thyolo mu Juni, chopanda windo, chopanda fungo lililonse. Munthu wokulira m'fungo la tiyi, chipindacho chinkandinyansa ngati mochale. Ndinkaweruka, kukwera tekisi, kukagona m'kachipinda kamene tinkagawana anthu atatu osafunsana za kwathu. Chimene chinkandisunga ndi mawu amene amayi ankajambula pa foni ya mayi Mulepa. Uthenga uliwonse unkayamba chimodzimodzi: "Kodi ikujambula?" Ndinkaubwereza mpaka foni kutentha.

Ndalama ndinkatumiza, ndipo pamodzi ndi ndalamazo ndinkatumiza malamulo. Tekisi yathu inkadutsa m'madera a anthu olemera, ine maso pa windo, ndipo nyumba ya amayi inkakula mwezi ndi mwezi m'mutu mwanga. Zipinda zisanu ndi chimodzi, chimbudzi cham'kati, khonde kuzungulira. Mmisiri wa ku Goliati ndikamuimbira ankangoti, "Chabwino bwana." Ndivomere, mawu amenewo ankanditsekemera. Zithunzi ankatumiza ndithu, koma nthawi zonse zojambulidwa pafupi: ngodya ya khoma, mulu wa njerwa, felemu ya chitseko. Ndinkati mwina bamboyo sadziwa kubwerera m'mbuyo pojambula.

Tsopano za ntchito yomwe inandibweza. Pulogalamu yaikulu yoyendetsa menifulemu siyankhula yokha ndi madisiki osungira zinthu. Pakati pali kapulogalamu kotchedwa dalaivala, kamene kamalowetsedwa makina akamadzuka. Dalaivalayo ali ndi kashe, malo apafupi oikapo zinthu zofunidwa kawirikawiri kuti asamathamangire kudisiki nthawi zonse. Kukula kwa kasheyo umalemba ndiwe, nambala imodzi basi. Koma nambalayo ili ndi malire. Ukapitirira, dalaivala sachepetsa, sakambirana, amangokana kulowa. Iye akakana, makina saona madisiki, ndipo zonse zaima.

Kasitomala wathu wina, kampani ya inshuwalansi, ankadandaula kuti makina akuchedwa. Bwana wathu, munthu wa mafuta onunkhira amene ankatitcha tonse "abale anga", anakawalonjeza kashe yaikulu kuposa malire. Tendai, mnzanga wa ku Zimbabwe, anandionetsa tsamba la m'buku la makinawo pamene malirewo analembedwa poyera. Aliyense pa tebulo la msonkhano ankalidziwa tsambalo, ngakhale bwanayo. Koma aliyense anangogwedeza mutu kuvomereza. Tonse tinali ndi mapepala okhalira m'dzikomo omangiriridwa ku ntchitoyo ngati mbuzi pachikhomo. Potuluka, bwana anandigwira paphewa, nandiuza nambala ya pakamwa, yosalemba paliponse.

"Chabwino bwana," ndinatero.

Ndipo ndinachita za kufakitale. Atapotoloka ndinalemba nambala yaikulu imene dalaivala amalola, makina anadzuka bwinobwino, anafulumirako pang'ono. Ndinayenda ngati tambala sabata yonse. Ndinaiwala kuti masamba a tiyi sasunga dzina la amene wawamwaza, pamene menifulemu imalemba chala chilichonse choigunda.

Bwana anaiona nambalayo pokonza zokaonetsa kasitomala. Lamulungu lotsatira m'mawa, nthawi imene tinkaloledwa kuzimitsa makina, anabwera yekha, naima kumbuyo kwanga, mafuta ake ali gu m'chipinda chozizira chija.

"Lemba yomwe ndinakuuza, m'bale wanga. Ndikuona."

"Bwana, buku likuti..."

"Buku ndi limene limakulipira?"

Ndinalemba. Tinadzutsa makina. Dalaivala anayankha mzere umodzi wokha, wonena kuti kukula kumeneko n'kosaloledwa, basi. Madisiki sanaoneke. Popeza makinawo ankadzukira pa madisiki omwewo, kubweza nambala yakale sikunali kwapafupi. Anachita kuitana katswiri wa kutali, ndipo Lolemba anthu a inshuwalansi anatsegula maofesi awo makompyuta ali zii.

Pa msonkhano wa mlandu anaonetsa zimene makina analemba. Dzina langa linalipo kawiri: koyamba ndinasintha nambala popanda chilolezo, kachiwiri ndinalemba nambala yogwetsa makina. Zonse zoona. Bwana anapukusa mutu mwachisoni nati, "Ine sindigwira makina, ndimadalira anyamata anga." Tendai ankayang'ana nsapato zake, ndipo sindimuimba mlandu, ana ake amadya pa pepala lofanana ndi langa. Ntchito yanga inathera pomwepo. Chimene chimandiwawabe n'choti potsanzikana bwanayo anandikumbatira, nandipatsa kapu yolembedwa dzina la kampani. Ndipo ine, mwana wa kumalayini, ndinalandira ndi manja awiri, n'kunena zikomo.

M'basi yobwerera ndinkangoganiza za dalaivala uja. Pa kampani ponse paja, iye yekha ndiye ananena ayi, ndipo palibe anamuchotsa ntchito. Koma chimene chinkandidya kwenikweni ndi amayi. Anali atapuma ntchito, esiteti itawapatsa mpaka kutha kwa mwezi kuti abweze kiyi, mvula ili pafupi. Ndinkaona m'maganizo makoma a zipinda zisanu ndi chimodzi atayasamula kumwamba opanda lata ndi limodzi lomwe. Ulendo uno, zoti ndikubwerera ndinayamba kuuza amayi. Uthenga wawo unali waufupi: "Kodi ikujambula? Bwera."

Wa njinga yamoto ananditsitsa pa malo athu ku Goliati, ndipo ndinamuuza kuti walakwitsa. Panali kanyumba ka zipinda ziwiri, ka njerwa zowotcha, malata atsopano, chitseko chobiriwira. Pamene panayenera kukhala chipinda changa chochezera panali nandolo. Amayi anatuluka ndi tsache m'manja.

Ndikanakonda kunena kuti ndinagwada n'kuthokoza. Ayi, ndinapsa mtima. Ndisanatule ndi chikwama chomwe ndinafunsa kuti ndani wasintha pulani yanga.

"Ine ndi mmisiri," anatero amayi. "Anati ndalama zimene ukutumizazo, pa nyumba yako ija zithera m'mawindo. Ndiye tinamanga yofika kudenga."

"Nanga bwanji osandiuza?"

"Iwe umauzika? Ukaimba foni umaonjezera chipinda."

"Koma munkati chabwino."

"Eya, tinkati chabwino."

Ndinakhala pansi pakhomo pomwepo, chikwama pamiyendo. Ndinakumbukira zithunzi zojambulidwa pafupi zija, ndinakumbukira mmene "bwana" wa mmisiri ankandikomera m'khutu, ndipo fungo la mafuta aja linandibwerera m'mphuno ngati ndine ndadzola. Zaka zonsezi ndinkadziyesa wa pa bedi la masamba, osadziwa kuti kuno kapitawo ndinali ine, ndipo anthu ankadikira ndidule foni kuti amwaze bwino katundu wanga.

Madzulo a tsiku lomwelo kunabwera mayi Mulepa atasenza mtondo wa amayi, katundu womaliza wochokera kumalayini. Mitambo inali itada cha ku Mulanje, madontho atayamba kulira pa malata. Anandipeza ndikadali pakhomo, ndipo poti ndine munthu wosatha kusunga nkhani, ndinawafotokozera zonse: kashe, malire, bwana, kapu. Ndinamaliza ndi kutamanda dalaivala, kuti m'dziko lonse lija ndinapezamo chinthu chimodzi chokha chodziwa kukana.

Mayi Mulepa anamvetsera mtondo uli pamutu.

"Ndamva," anatero. "Makina anuwo anakana, inu n'kubwera ndi kapu. Amayi anu anavomera, ndipo lero mugona pouma. Tasenderani uko abwana, mwatseka pakhomo."