Nthenga ya Tambala ndi Mapazi a Atate

Ndikukumbukira phwete la atate anga kuposa nkhope yawo. Akaseka, nkhuku za pakhomo pathu ku Mtendere zinkabalalika, ndipo anansi ankasuzumira pampanda kufunsa ngati kwabadwa mwana. Anali mkulu wa mpingo, munthu wa tayi ndi nkhope yolemera, koma Mulungu anawabisira kufooka kumodzi kunsi kwa mapazi: sankapirira kugirigishidwa.

Sabata yonse ankayenda wapansi, atavala majombo, kupita kumayadi kumene ankasamalira maluwa a anthu olemera. Lamulungu tikabwera kutchalitchi ankavula nsapato n'kugona pamphasa pansi pa mtengo wa mango, Baibulo lili m'manja. Imeneyo inali nthawi yathu, ine ndi mlongo wanga Dalitso. Tinkatola nthenga ya tambala n'kukwawa ngati Gidiyoni pokazonda msasa wa adani, titadzigwira pakamwa. Nthenga ikangokhudza chidendene, mkulu wa mpingo ankadumpha, Baibulo uko, magalasi uko, akukuwa kuti, "Imwe ba Filisiti! Nizakumenyani!" Sanatimenyepo. Akanatimenya bwanji misozi ili chuchuchu ndi kuseka?

Matenda a shuga anali nawo kuyambira ndisanayambe sukulu. Kwa ife ana, shuga inkangotanthauza tiyi wosakoma ndi mapiritsi a pawindo. Tinkaona ndithu kuti ayamba kuchedwa kudumpha, koma tinkati nkhalamba yaphunzira kudzigwira, ndipo tinkangofuna nthenga yaitali.

Mvula itatha chaka china, Pasaka atangodutsa, mphasa inatulukanso. Ndinakwawa ine, pakuti katswiri ndinali ine. Ndinayendetsa nthenga kuchidendene. Zii. Ndinaipititsa pakati pa zala. Atate anangotsegula tsamba lina. Dalitso anali atagwa kale chagada, akuluma malaya kuti asaphulike. Ndinataya nthenga n'kugirigisha ndi zala zanga zonse, nanenso ndikunjenjemera ndi kuseka. Ndi pamene ndinaona kadontho kakuda kunsi kwa chala chachikulu. Unali mutu wa munga. Khungu lozungulira linali lotupa, lotentha, ndipo linkatulutsa kafungo ngati ka nsanza yonyowa.

"Ba Tate, simumvela?" ndinafunsa.

Anatsitsa Baibulo n'kundiyang'ana modabwa. "Nimvele chani, mwanangu?"

Amayi anasiya mbale zimene ankatsuka n'kubwera manja akudontha. Tonse tinkawadziwa a Zulu a kumsika, amene anayamba ndi kachilonda ka nsapato n'kutsiriza ndi ndodo ziwiri, mwendo wa buluku utapindidwa ndi pini. Atate anati ndi kamunga ka maluwa chabe, ndipo anatuma Dalitso kukatenga lezala.

"Lezala?" anatero amayi. "Mufuna nikabweleke ndodo kuli ba Zulu lelo lomwe?"

Anatsuka phazilo, nalikulunga ndi kansalu koyera. M'mawa mwake atate anadzuka kuti azipita kuntchito, koma anapeza amayi atakhalira majombo ngati Rakele pa timafano ta atate ake, akupeta mpunga mosatekeseka. Amayi analamula kuti phazilo lisaponde pansi, motero anabwereka wilibala kwa mnyamata wogulitsa makala, nayalamo chitenje kuti awatengere atate kukiliniki.

Ha, ulendo umenewo! Mkulu wa mpingo ali khale muwilibala, tayi ili pakhosi, mwendo uli m'mwamba, ambulera ili kumutu. Masukulu anali otseka, choncho ana onse a mumsewu wathu anatitsatira. Ine ndinathyola nthambi ya mango n'kuyambitsa Hosana, popeza tinali titangoiimba kumene Lamulungu la kanjedza. Dalitso ankayala juzi lake kutsogolo kwa tayala, n'kulitola, n'kuthamanga kukaliyalanso. Azimayi a pamsika anaimba nthungululu. Atate anayesa kukwinya nkhope, koma wilibala itagwa m'dzenje, mnyamata wa makala woikankhayo n'kulira ngati bulu, phwete lija linaphulika. Ndinali ndisanadziwe kuti munthu angathe kuchita mantha ndi kuseka nthawi imodzi, koma ndinaona amayi akuchita zonse ziwiri.

Kukiliniki namwino anachotsa mungawo, natsuka chilonda, napereka mankhwala. Anati tikanachedwa, nkhani ikanakhala ya mpeni. Anafotokoza kuti shuga ikakhalitsa imagonetsa mitsempha ya kumapazi, ndiye munthu amaponda munga, ngakhale khala la moto, osamva kanthu. "Mapazi aya aleka kukamba," anatero. "Manje afunika maso." Atamva mmene mungawo unapezekera, anandigwira paphewa n'kuti ntchito ndaipeza.

Chilondacho chinatenga nthawi kupola, ndipo masewera athu anasanduka utumiki. Madzulo aliwonse ndinkayesa madzi ndi chigongono kuti akhale ofunda chabe, n'kusambitsa mapazi a atate, kupukuta bwino pakati pa zala ndi kufufuza paliponse ngati mayi wotaya ndalama yake yasiliva. Dalitso ankakutumula majombo m'mawa, ndipo tsiku lina munatuluka chule amene anatithamangitsa tonse. M'nyengo yozizira mbaula inkakhala kutali ndi miyendo yawo, ndipo kuyenda opanda nsapato kunatha, ngakhale m'nyumba. Atate ankati tsopano amvetsa chifukwa chake Ambuye anatenga beseni ndi chopukutira, osati ndodo yachifumu. Kugirigishidwa sanakumvenso, koma pamene tinkawaika m'manda atakalamba, zala zawo zonse zinalipo.

Lero Mtendere wadzaza mipanda ya njerwa, mtengo wa mango unadulidwa, ndipo ana amakwawira mafoni m'malo mwa mapazi a makolo. Shuga ija inandipeza nanenso. Mapazi anga ndimawayang'ana tsiku ndi tsiku, pena ndi kalilole, pena mwana wanga Chisomo amawajambula pafoni kuti ndione kunsi. Koma nthenga ya tambala ndimaisunga m'Baibulo. Lamulungu masana ndimagona pamphasa, n'kunamizira kuwerenga, khutu lili kwa Chisomo amene akukwawa. Nthenga ikakhudza chidendene ndimakuwa mpaka anansi kusuzumira. Iwo amati mayi uja wapenga. Sadziwa kuti ndikuyamika.