Thanthwe la Chibwibwi

Ndinabadwa ndi chibwibwi, ndipo sichinali chija chongobwera munthu akakwiya. Changa chinali cha tsiku ndi tsiku. Ndikati nditchule liwu, linkandikakamira pakhosi mpaka maso kufiira, omvera n'kuyamba kuyang'ana kumbali ngati ndavula. Kwathu, m'mudzi wa asodzi kuseri kwa Monkey Bay, anthu anazolowera kundimalizira mawu. Nthawi zambiri ankamaliza molakwa, ine n'kungovomera kuti nkhani ithe. Ndadyapo zinthu zambiri zimene sindinapemphe.

Nditayamba fomu wani zinthu zinafika poipa. Anyamata okhala kumbuyo ananditcha injini ya boti, ija yofuna kuikoka chingwe kangapo isanalire. Ndikaimirira kuti ndiyankhe funso, mtsogoleri wawo, mnyamata wamtali wamakani, ankakoka chingwe cha m'malere, kalasi yonse n'kugwa ndi phwete. Nkhaniyi inawapeza bambo anga. Tsiku lina akusoka ukonde pansi pa mtengo anandiitana.

"Teremu ino ikatha, basi," anatero. "Panyanja sipafuna pakamwa. Ubwere tizikoka limodzi, asiye kukuseka."

Bambo sanali munthu wankhanza, ankandimvera chisoni. Koma sukulu ndinkaifuna ndi mtima wonse, ndipo kuti ndiwauze zimenezo panafunika mawu ambiri kuposa amene ndikanatha kutulutsa. Ndinangogwedeza mutu, iwo n'kuyesa kuti ndavomera.

Chingerezi ankatiphunzitsa mayi wina wamfupi wochokera m'tauni ya Mangochi, wovala mpango wophimba mutu, Chichewa chawo chomveka Chiyao. Tinkangowatcha Madamu. Teremu ili pafupi kutha, tikuwerenga nkhani ya m'buku, tinakumana ndi liwu lakuti reverberate. Linatigwetsa tonse, ngakhale odzitama aja. Wina anati levebeleti, wina levabeti, wina anangotsokomola n'kulidumpha.

Madamu analilemba pabolodi n'kulidula pawiri. Anati linachokera ku Chilatini. Kachigawo koyamba kamatanthauza kubwerera, kotsalako ndi kumenya, makamaka kukwapula ndi chikwapu. Atatchula chikwapu, ena tinakhala bwino pamipando. Anafotokoza kuti mawu akatuluka pakamwa amakagunda khoma kapena phiri, nalo n'kuwamenya kuti abwerere kumene achokera. Atationa kuti tangoti kukamwa yasa, anatseka buku.

"Tulukani nonse."

Kuseri kwa bwalo la mpira kunali thanthwe lalikulu lotsamira phiri, kumene anyani ankaothera dzuwa. Anatiimika moyang'anana nalo, dzuwa likuswa mtengo, n'kuloza mnyamata wamtali uja kuti akuwe liwulo. Anakuwa monyada. Thanthwe linabweza: be, be, leti.

"Mwamva?" anatero Madamu. "Nayenso mnzanuyu ali ndi chibwibwi. Winanso."

Anakuwa wina, kenako wina, ndipo onse thanthwe linawadula mawu chimodzimodzi. Tinaseka mpaka misozi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinali m'gulu la oseka. Madamu anawonjeza kuti kwa iwo liwulo limamveka ngati lili ndi chibwibwi chakechake, ver kenako ber, likudzipunthwa lokha, koma palibe analichotsapo m'buku chifukwa cha chimenecho.

Kenako anayang'ana ine. Ndinatsegula pakamwa, liwu n'kukakamira pachiyambi pomwe. Mtsikana wina wachifundo anayamba kundithandiza, koma Madamu anangokweza dzanja, iye n'kukhala chete. Ndinalimbana nalo, thukuta kamukamu, mpaka linatuluka lonse, lothyokathyoka koma lokwanira. Thanthwe linandibwezera monga momwe ndinanenera. Silinandikonze kapena kundiganizira chimene ndikufuna kunena. Chibadwire, palibe anali atandichitirapo zimenezo.

Chibwibwi sichinathe, ndili nacho mpaka lero, ndipo pafoni anthu amayesa netiweki yavuta. Madamu sindinawathokoze bwinobwino, poti anasamutsidwa chaka chotsatira. Sindidziwa ngati ankadziwa za mawu a bambo aja, kapena anangotopa ndi anyamata a kumbuyo. Mulimonsemo, ndimawayamika, ndipo ndikaona munthu akukweza dzanja kuti mnzake amalize kulankhula, ndimamukonda ngakhale sindimudziwa.

Madzulo a tsiku la kuthanthwe lija ndinapeza bambo ali pa ukonde womwewo. Ndinakhala pamchenga patsogolo pawo.

"Ababa, ndi, ndi, ndi..."

"Ukufuna madzi? Ali mumtsukomo."

Ndinakweza dzanja. Mwana sakwezera bambo ake dzanja. Anandiyang'ana modabwa, kenako anaika ukonde pansi.

Zinatenga nthawi. Ndinawauza kuti sukulu ndikuifuna, kuti ondisekawo aseke atope, kuti panyanja ndizibwera Loweruka. Kangapo ndinaona milomo yawo ikugwedezeka kufuna kunditsogolera, iwo n'kuiluma. Nditamaliza anayang'ana pamapazi awo.

"Zaka zonsezi ndimayesa ndimadziwa zimene ukufuna kunena," anatero motsitsa mawu.

Anatola ukonde uja, koma sanasoke. Anapukuta kumaso ndi chikhatho, n'kuyang'ana kunyumba kumene amayi ankayanika usipa pathandala.

"Amayi ako ndinawauza kuti ukusiya. Pita ukawauze kuti sukusiya."

Ndinayembekeza kuti adzuke tipitire limodzi. Sanadzuke.

"Ukawauze wekha," anatero. "Adikira mpaka umalize."