Makanika Amene Anandisandutsa Mfiti

A Daka a pa galaja ya kuseli kwa msika wa Petauke sindinawakhululukile, ndipo musandibweletsele mavesi. Munthu ameneyu anandithetsela banja ndi mapulagi anayi. Inu ana a lelo mumawaona atakhala kutsogolo m'tchalitchi, mutu uli mbuu, n'kumati ndi nkhalamba yabwino. Imvani kwa ine.

Anali masiku a chipani chimodzi, m'masitolo muli mashelefu okhaokha. Ine ndinali nditangobwela kumene kuchokela ku migodi, komwe ndinali dalaivala, ndipo ndinabwela ndi motoka imene ndinagula kwa mzungu wina wobwelela kwawo. Inali yakale, yaitali kumbuyo, koma ya tabo. Tabo ndi kachipangizo kokankhila mpweya mu injini. Ukaponda mafuta pang'ono kamagona, ukaponda kwambili kamadzuka ndi kamluzu, motoka n'kukukankha pamsana.

Inayamba matenda odabwitsa. Pamalo osalala inkayenda bwinobwino. Pachitunda ndikaponda, kamluzu kakangoyamba, inkatsokomola, kudukiza, n'kuphulika kumbuyo. Ndikachepetsa phazi, yachila. Ndinaganizila mapulagi, tizipangizo toyatsa moto mu injini. Mu Petauke monse munalibe ndi imodzi yomwe, mpaka mnzanga woyendetsa basi anandipezela anayi atsopano ku Lusaka. Sipanala yofika m'maenje a injini imeneyo ndinalibe, n'chifukwa chake ndinapita kwa a Daka.

Ndinawauza bwinobwino kuti aike mapulagiwo monga alili, asawayasamitse kukamwa, kampata kodumphila moto kaja, ndiponso aone paipi yochokela ku tabo ngati siikutaya mpweya. Anandiyang'ana kuyambila kumutu mpaka kumapazi. Akuti iwo anayamba kumasula mainjini dziko lisanalandile ufulu, ndiye dalaivala wa ku migodi angawaphunzitse chiyani?

Nditabwela kudzaitenga anailiza pabwalo pomwepo, kuponda mafuta motoka ili chiimile mpaka nkhuku za pamsika kubalalika.

"Mvelani mweka, bambo. Iyimba monga kwaya."

Ndinawapempha kuti tikaiyese pachitunda. Anakana. Akuti petulo ndi wosowa, ndipo injini ikamveka bwino pabwalo ndiye kuti ili bwino paliponse. Kodi ine ndinawauza kuti imadwala ili chiimile? Kodi munthu wa chifuwa cha pachitunda mumamuyeza atagona pamphasa? Tikadali kukangana choncho, uthenga unandipeza wakuti a Njobvu, amalume ake a mkazi wanga, amwalila m'chipatala ku Nyimba.

Mkamwini wa motoka sayembekeza kupemphedwa. M'mawa mwake tinali ku Nyimba, tinapinda mipando, bokosi n'kulowa kumbuyo. Apongozi anga aakazi, mlongo wawo wa malemu, anakhala pambali pa bokosi ndi mkazi wanga, amake Misozi, ndi Misoziyo, kamwana koyamba kumene sukulu. Mlamu wanga Yotamu anakhala kutsogolo ndi ine. Ulendo wa kumudzi, ku Kalindawalo.

Ndinene poyela kuti ine ndi malemu sitinkamwelana madzi. Ankauza anthu kuti munthu wamba sachoka ku migodi ndi motoka yotele popanda kukhwima. Ndipo anayamba kudwala chaka chomwe ndinabwela nayo. Apongozi anga zonsezi anazisunga mumtima.

Tinafika pachitunda choyamba chachikulu. Ndinaponda. Kamluzu kanayamba, ndipo motoka inatsokomola kuposa kale lonse. Inagwedezeka, bokosi n'kugunda chitseko chakumbuyo, kenako inaphulika ngati mfuti n'kuzima. Ndinailiza, kuponda, chimodzimodzi. Kachitatu, chimodzimodzi.

Kwathu kuno aliyense amadziwa tanthauzo lake motoka ya malilo ikakana kuyenda. Apongozi sanalankhule ndi ine, mwambo suwalola. Anagwada, n'kuika dzanja pabokosi.

"Alongosi, tiyeni ku munzi. Ngati alipo muno wamene simufuna kuti akupelekezeni, tionetseni."

Anayamba ndi ine. Anatuma Yotamu kundiuza kuti nditsike, ayendetse iye. Yotamu anaphunzila pa thalakitala, ndipo motoka yanga ankaiopa. Anaika giya yoyamba, n'kukhudza mafuta ndi chala chimodzi cha kuphazi. Tabo sinadzuke n'komwe. Motoka inakwawa pang'onopang'ono, osatsokomola ngakhale kamodzi, mpaka pamwamba pa chitunda. Ine ndili chilili mumsewu, ndikuona nkhope ya mwana wanga pagalasi lakumbuyo.

Ndinawathamangila ndi wefuwefu, ndikulongosola za mpweya ndi mapulagi. Ndani amvele za tabo pamalilo? Ndinapempha kuti ndiyendetsenso, pang'onopang'ono monga Yotamu. Akuti womwalila safunsidwa kawili. Anandisiya pamenepo, ndipo ndinafika kumudzi pa lole ya thonje anthu akuchokela kumanda. Palibe anandipatsa moni. Malilo atatha, abale anagamula kuti mkazi wanga ndi mwana atsale kwawo. Amake Misozi analila, koma mkazi angalimbane bwanji ndi alongo ake onse?

Motoka anaikankhila kunja kwa mudzi, kiyi ali momwemo. Ndinabweleka sipanala pa famu ina n'kumasula ndekha. Ndinatulutsa pulagi yoyamba. Inali yakale yomwe ija, yopalidwa ndi sandipepa kuti iwale. Onse anayi anali akale. Kukamwa anawayasamitsa ndi mpeni wa sowo yodulila zitsulo, muyezo umene a Daka ankayezela chilichonse kuyambila thalakitala mpaka lole. Pulagi yoyasama choncho, tabo ikakankha mpweya, moto wake umazima. Paipi ija ndiye musanene. Chitsulo chomangila anachotsa, n'kukulungapo malegeni a chubu cha njinga.

Ndinapita ku galaja mapulagiwo ali m'manja. A Daka sanachite ndi manyazi omwe. Akuti motoka ya tcheyamani wa chipani inkayenela kukachingamila alendo aakulu, ndipo injini inkakana kulila, ndiye mapulagi anga atsopano anamangila m'menemo.

"Manje chipani chikapempha, ine ningakane? Tenze tabweleka chabe, bambo."

Kubweleka. Pa galaja imeneyo ndiye kanali kagwilidwe kawo ka nchito: kumasula kwa wopanda dzina, kumangila kwa wa dzina, wotsalayo n'kumumanga ndi malegeni. Kubweleka kwa mtundu wanji mwiniwake osadziwa? Anabweza liti?

Sindinafune kuti andilipe. Ndinawapempha chinthu chimodzi chokha, kuti tipite limodzi ku Kalindawalo akanene ndi pakamwa pawo zimene anachita. Ndinawagwadila, ine munthu wamkulu, m'mafuta akuda a pabwalo lawo. Anati za malilo a eni salowelela. Anawonjeza kuti ndikapitiliza kutchula motoka ya tcheyamani, anyamata a chipani adzabwela kudzandifunsa khadi, ndipo ndidzaona chimene chimachitikila anthu a pakamwa.

Ndinakonza ndekha. Ndinatseka mapulagi kukamwa, paipi n'kuimanga ndi chitsulo chenicheni. Ndinapita kumudzi, n'kumukakamiza Yotamu kuti akwele. Tinapita pachitunda chomwe chija, ine pa chiwongolelo, phazi mpaka pansi. Motoka inauluka, kamluzu kali pyoo, osadukiza. Yotamu anakanena zimene anaona, ndipo anabwela ndi yankho la amayi ake maso ali pansi.

"Akuti ikanile ndani lomba? Wamene enzokana, malemu, tinaika kale."

Amake Misozi anakwatiwa kwina, ndipo anamwalila tisanakhalenso pansi n'kulankhulana. Misozi anakula akumva kuti atate ake anadya amalume a amake kuti motoka iziyenda. Lelo ndi mayi wa zidzukulu. Amandilemekeza, amanditumizila nshawa, koma zimene anaona pagalasi lija sizinamuchoke.

Tsono ndamva kuti a Daka ali gone, ndipo a mpingo akusonkhanitsa anthu okawapemphelela. Inenso ndipita. Sindikukaimba nyimbo. Ndikakhala kumutu kwa bedi lawo, pamaso pa ana awo ndi abusa awo, ndipo sindikachoka mpaka atanena kumene anapeleka mapulagi anga. Akafuna kufa, ayambe ayankha. Akafa osayankha, ndidzanena ndine pamanda, anthu asanathile dothi. Ana awo amene mwatsala ndi galaja, konzekani kumva dzina la atate anu m'kamwa mwanga.

Ndamutumila uthenga Misozi kuti ndikamutenge pa motoka, tipite limodzi akadzimvele yekha. Wayankha kuti abwela, koma akwela basi.