Ndinkatungira Madzi Nsomba za Bwana

Fodya atatikana kachitatu, ndinauza mkazi wanga NaBanda kuti ndikupita ku Qatar kukagwira udalaivala. Anandiyang'ana kumutu n'kuti, "Imvi zimenezo akakulandirani nazo?" Anandilandira. Ndinali nditazidetsa ndi mankhwala a pamsika wa Mponela.

Bwana wanga ku Nuaija, dera la mumzinda wa Doha, anali munthu wabwino, koma anali ndi misala yake. Pabalaza pake panali thanki yagalasi, kukula ngati bokosi la maliro a munthu wonenepa, m'kati muli tinsomba tamawangamawanga ndi miyala yamoyo imene amati korali. Nsomba zosadyedwa, abale! Ukaziyang'ana ndi diso la ndiwo, ntchito yatha. Anzake ankagula mchere wa m'sitolo n'kumasungunula, koma iye ankati miyala yake imafuna madzi enieni a m'nyanja. Wokatunga ndani? Gogo wanu yemweyu.

Ndinkapakira zigubu m'galimoto n'kulowera kumpoto kwa Doha, kutali ndi maboti otaya mafuta. Umadikira nyanja idzaze, n'kulowa mpaka m'chiuno, chifukwa a m'mphepete ndi a zinyalala. Ukafika kunyumba uwasefe, uthiremo abwino pang'ono poti nyanja ya kumeneko mchere inachita kunyanya, kenako uwadikire azizire. Mwana wanga weniweni sindinamusamalepo chonchi.

Yohane, mlonda wa ku Bin Mahmoud, ku Doha komweko, amene tinkacheza naye Lachisanu, sankandisiya. "Madala, kumudzi munawauza kuti ndinu driver? Inu ndinu ntchembere ya pamjigo!" Kumudzi ndinkangotumiza zithunzi nditatsamira galimoto, zigubu nditazibisa. Ndalama zinkapita, n'kuthera fizi ndi feteleza. A bwana akapita kutchuthi ndinkatsala ndekha m'chinyumba chonsecho, n'kumacheza ndi kansomba kena kachikasu. Nkhani za maliro a kwathu kankazidziwa zonse.

Ndiye mjigo wa kwathu unafa. NaBanda anayamba kutunga kudambo, kutsidya kwa chitunda. Tsiku lina anatumiza mawu pafoni: "Bambo a Lonjezo, khosi likundivuta, ana onse ali kutali. Bwerani, kaya muli ndi kanthu kaya mulibe." Ndinawamvera ndili kubafa, ndikukhuthulira m'ngalande madzi akale a m'thanki, oyera mbee.

Nditapempha kuchoka, bwana anagwira mutu. "Inshallah chaka chamawa, baba. Ukapita miyala yanga ifa." Musandifunse kuti anandimanga ndi chingwe chanji. Panalibe chingwe. Mawu amenewo anangondikomera. Kwathu ndinali mlimi wolephera, kuno miyala inkapuma chifukwa cha ine. Ndinasayinanso kontalakiti, kenako ndinasayinanso kachiwiri. NaBanda anasiya kutchula za khosi, ine n'kumati ndiye kuti lachira.

Maondo atayamba kukana zigubu, bwana anapeza wina, khalasi, monga amanenera kumeneko zinthu zikatha, ndinakwera ndege. Pofika pakhomo ndinaitana, "NaBanda!" Anatembenuka thupi lonse, ngati chitseko. Khosi silipindikanso.

M'mawa mwake ndinanyamula ndowa ziwiri. Ndisanadutse nkhokwe anali ataima kutsogolo kwanga.

"Mukupita kuti?"

"Kudambo. Ntchito imeneyi ndimaidziwa kuposa inu. Ku Doha kuja udalaivala unali dzina chabe, ndinkatungira madzi nsomba."

Ndimati aseka, kapena anditukwana. Zonse ziwiri ndikanazilandira. Iye anangondilanda ndowa imodzi, inayo n'kuikankhira kukhonde ndi phazi.

"Kumeneko kunalibe wokuonani. Kuno alipo. Mukufuna azimayi anene kuti ndakudyetsani khuzumule? Ulemu wanga ndausunga ndekha zaka zonsezi, musandichotsere lero. Khalani pansi, ndinu mlendo."

Ndinakhala pansi. Dzuwa litakwera anatulukira pachitunda paja, akuyenda pang'onopang'ono, dzanja lina kundowa, lina m'chiuno. Anatereka madziwo pamoto, n'kubwera kudzagwada pambali panga.

"Madzi ali kubafa, bambo."

Ndinakasamba.