Pemphero la Abambo a Kuseri kwa Chigayo

Buku la nyimbo linabwera m'jumbo, Lachiwiri masana, ndikuanika zovala. Analibweretsa ndi mwana wamkazi wa abambo ena achikulire a mumlaga mwathu ku Area 25, kagulu ka mabanja oyandikana amene tinkapemphera limodzi Lachinayi lililonse. Anaima patali, masiki ili kukamwa, n'kuliika pa njerwa.

"Akuti buku lawoli mupatse wina amene mpingo ukumufunabe," anatero. "Masiku ano akungokhala m'chipinda, amayi. Chakudya akungochilawa."

Abambo amenewa kwawo ndi ku Thyolo, koma anakalambira kuseri kwa chigayo cha m'dera lathu. Anagwira ulonda ku Kanengo mpaka maso anayamba kuchita nkhungu. Pemphero lotsekera linali lawo, kumlaga ngakhale kutchalitchi, ndipo ndivomere kuti ine ndinali patsogolo pa odandaula. Akangoti "Tiyeni tipemphere," azimayi tinkayang'anana, podziwa kuti nyemba zimene tasiya pambaula zipserera basi. Ankatchula aliyense: wotupa mwendo, mwana wolemba mayeso, wochotsedwa ntchito, ngakhale mayi amene nkhuku zake zatha ndi chitopa. Ine ndinkatsinzina diso limodzi, linalo lili pa wotchi.

Itabwera korona, boma linachepetsa anthu osonkhana, pakhomo pa tchalitchi panaikidwa ndowa ndi sopo, ndipo akulu a mpingo analengeza kuti okalamba ndi odwala shuga ayambe akhala kunyumba. Abambo aja anali nazo zonse ziwiri. Za Lachinayi zinaima. Abusa anayamba kutumiza ulaliki pa gulupu ya pafoni, ndipo ine monga mlembi wa mlaga ndinkaufalitsa. Zinandikomera, ndisaname. Mapemphero achidule, munthu uli pamphasa pako.

Koma buku lija linandibaya mumtima. Lamlungu ndinatenga foni n'kupita kuseri kwa chigayo. Ndinaima kunja kwa mpanda, mwana wawo anawatulutsira mpando pakhonde, ine n'kutsegula ulaliki mokweza. Sipanathe mphindi ziwiri anakweza dzanja.

"Alembi, wailesi ndili nayo m'nyumbamu."

"Abambo, awatu ndi abusa athu."

"Ndawamva. Mpingo wandiika kuseri kwa chitseko ngati khasu lothyoka mpini. Zimitsani."

Ine mkwiyo wanga suchedwa. Ndinawauza kuti tikuchita zimenezi kuti akhale ndi moyo, kuti anthu akufa ndipo iwo akuchita makani ngati mwana. Anangodzuka, n'kupapasa khoma, n'kulowa. Ndinabwerera ndikuyankhula ndekha mumsewu, mpaka wakabaza wina anandifunsa ngati ndili bwino.

Sabata yomweyo ndinakumana ndi mayi wina wa mumlaga pa kiyosiki yotunga madzi. Anali ataonda, ndowa yaing'ono ikumulemera. Akuti anagona masabata atatu ndi malungo. Nyumba yake ndi yachinayi kuchokera pa yanga, ndipo ine mlembi sindinadziwe kanthu.

"Bwanji simunalembe pa gulupu?"

"Foni yanga ndi ya mabatani, asisi. Komanso kale ndinkauza ndani? Abambo a kuchigayo ankangotulukira okha pakhomo, ndiye Lamlungu mpingo wonse unkamva m'pemphero. Madzulo ake wina wabwera ndi phala, wina ndi sopo."

Ndinachita manyazi kwambiri. Zaka zonsezi ndinkaona ngati mkuluyo amangokonda kumva mawu ake, osadziwa kuti sabata yonse ankayenda ndi ndodo khomo ndi khomo, ndipo pemphero lalitali lija ndilo linkatiuza kumene kukufunika miyendo yathu. Tinawatsekera m'nyumba kuti tiwateteze, ndipo potero tinadzitseka makutu tokha.

Loweruka sindinapite kumsika kukagulitsa kaunjika wanga. Ndinazungulira mabanja onse a mumlaga, kuima pa geti, kufuula odi, kufunsa za m'nyumba. Ena ankadabwa, ena ankayankha pawindo ngati ndabwera ndi matendawo m'thumba. Agalu anandithamangitsa kawiri. Ndinamva zambiri: wina anamuimitsa ntchito ku Kanengo, bambo wina mayi ake amwalira kumudzi ndipo sanathe kupita kumaliro.

Lamlungu m'mawa ndinabwereranso pa mpanda paja. Anakana kutuluka, ndiye ndinayankhulira pawindo la chipinda chawo, anthu opita kuchigayo akundiyang'ana.

"Abambo, sindinabwere ndi ulaliki. Tsiku lija ndinayankhula mwamwano, mundikhululukire. Ndabwera kudzakuuzani kuti anthu anu akuvutika ndipo palibe akuwatchula."

Ndinayamba kutchula khomo ndi khomo. Ndinapitiriza, chifukwa ndinali nditatsimikiza kuti sindichoka ngakhale dzuwa lindiwambe. Nditamaliza ndinamva bedi likulira, kenaka mawu.

"Nanga mwana wa atelala uja, kuchipatala anamuchotsa chikhakhapa pamkono?"

"Sindinafunse."

"Simunafunse! Mwayenda chiyani tsono?"

Anatuluka. Ndinapukuta foni ndi sanitaiza, mwana wawo n'kuiika pa situlo patsogolo pawo, ndipo ndinawafotokozera kuti zimene anene ndizijambula pafoni, anthu azimva m'nyumba zawo. Anakana kuyamba mpaka atawabweretsera jekete, akuti sangaime pamaso pa mpingo ndi malaya okha. Anaimirira, anavula chipewa, n'kuti, "Tiyeni tipemphere."

Ndinagwada pa fumbi kunja kwa mpanda, maso onse awiri otsinzina. Mawu anali ofooka poyamba, koma pofika khomo lachitatu anali atabwerera mwakale. Misozi inanyowetsa masiki yanga. Tsoka lake magetsi anali atazima chiyambire dzulo lake, ndipo ndinamva foni ikulira n'kuthima iwo asanafike pa Ameni. Sindinawadule. Ndinawauza atamaliza, ndipo anangopukusa mutu.

Magetsi atayaka masana ndinatumiza chomwe chinajambulikacho, ndi pempho loti aliyense wa foni yamakono akaime pa mpanda wa mnzake wa foni ya mabatani, amvere limodzi motalikirana. Ndinkayembekeza madandaulo a bandulo ya intaneti. M'malo mwake kunabwera ma Ameni, ena olemba, ena a mawu. Pofika Lolemba, pakhomo pa mayi wa malungo uja panali kathumba ka makala ndi ndowa ziwiri zodzaza madzi, osadziwika wosiya. Bambo woferedwa uja anthu anamuimbira nyimbo ataima mumsewu, aliyense payekhapayekha.

Lachitatu ndinasenza chimanga kupita kuchigayo. Ndisanafike ndinamva mawu odziwika akufuula. Abambo aja anali atakhala m'kati mwa mpanda wawo, masiki ili bwinobwino pamphuno, kapu ya tiyi ndi mbatata pambali, akuimitsa aliyense wodutsa ndi ndodo n'kumufunsa za kwawo ali patali. Maso ofookawo anandizindikira ndi kayendedwe.

"Alembi! Imani pomwepo, musayandikire. Mwana wa atelala anamuchotsa chikhakhapa, ndafufuza ndekha. Tsono Lamlungu mubwere foni itadzaza moto. Mabanja atatu anatsalira panja tsiku lija, ndipo sindikufuna wina aganize kuti mpingo wamuiwala."