Daruma wa Diso Limodzi wa kwa Tokiko

Tokiko Shimonaka anakalambira m'kanyumba kake kodyera, m'tsinde mwa phiri la mgodi, akuphikira anthu soba, chakudya chonga supageti cha msuzi wotentha. Mwamuna wake Genzo anali wokumba mtovu. Mgodi utatsekedwa, kunabwera asayansi ochokera ku Tokyo, akufuna dzenje lalikulu m'kati mwa phirilo loti aikemo thanki ya madzi. Akuti ankafuna kukola tinthu tosaoneka tochokera ku dzuwa, timene timabowola thanthwe ngati palibe kanthu. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, koma Genzo anavala chisoti chake n'kupita kukakumba.

Mwa asayansiwo munali Urushibara, wowonda ngati sadya, chikhalirecho ankamaliza mbale ziwiri. Ankagona m'chipinda chapamwamba kwa Tokiko komweko. Dzenje litatha, anabwera ndi daruma, chidole chofiira chopanda maso, chimene umachipaka diso limodzi popempha chinthu, linalo chinthucho chikatheka.

"A Genzo, loyambali pakani ndinu, mwakumba ndinu," anatero Urushibara. "Lachiwirili ndidzapaka ine m'nyumba muno, tinthuti tikadzatikola."

"Nanga mukapanda kutikola, Sensei?" anafunsa Genzo, pomutchula mwaulemu monga mphunzitsi.

"Basi, ndidzafera pa soba wa akazi anuwa."

Chaka chilichonse chikamayamba, anthu amakatentha madaruma awo akale kukachisi. Tokiko wake ankamukaniza. Genzo anayamba kutsokomola fumbi la m'miyala, natsokomola mpaka linamutenga. Urushibara, amene tsopano anali pulofesa ku Tokyo, anangotumiza maluwa. Anthu ankang'ung'udza, koma Tokiko ankamuikira kumbuyo, ati munthuyo watanganidwa, adzabwera pa nthawi yake. Kwa iye diso lotsalalo linali malipiro okhawo amene malemuyo ankawadikira.

Kenako zinamveka kuti tinthu tija tinakoledwa, ndipo Urushibara wapata mphoto yaikulu ya asayansi kunja. Tokiko, msana utapindika kale, anakwera pamwamba kukayanika zofunda za m'chipinda chija. Anagula inki ndi burashi yatsopano, daruma n'kumupukuta fumbi.

Tsiku lina masana mnzake woyandikana naye, Fusae, analowa wefuwefu.

"Achemwali, yatsani kanema msanga, mlendo wanu uja ali pamenepo!"

Analidi iye, imvi mbuu, ali mu hotela ya ku Tokyo pambali pa daruma watsopano wamkulu ngati mbiya. Anathokoza boma, anathokoza yunivesite, anathokoza ngakhale phiri lenilenilo. Okumba sanawatchule. Atatero anatenga burashi n'kupaka maso onse awiri motsatizana, anthu akuwomba m'manja.

"Onse awiri nthawi imodzi?" anakuwa Fusae. "Ndiye wadikira chiyani ameneyu? Manyazi alibe! Inu, tengani burashi yanuyo mupake nokha."

"Si langa diso limenelo," anayankha Tokiko. Mtima unamupweteka kuposa tsiku la maliro, chifukwa tsiku lija anali akadali ndi choyembekezera.

Anadikirabe mpaka chipale chofewa chinatseka msewu wa kumgodi, koma Urushibara sanaponde m'mudzimo. Chaka chitayamba, Tokiko anakulunga daruma m'nsalu n'kupita naye kukachisi. Wansembe wosonkhezera moto anachitembenuza chidolecho, nachita chisoni.

"Pepani agogo, diso ndi limodzi. Zimene munapempha sizinatheke?"

"Zinatheka," anatero Tokiko. "Zinatheka ndithu. Ponyani."